Galu wa Abambo Anakwera Basi mpaka ku Nairobi

Chinandiyendetsa masiku asanu ndi anayi pamsewu, galu ali m'bokosi, ndi kaseko kamodzi ka Mayi Ashford. Akanangotsutsa ndi mawu bwenzi nditaiwala, koma iwo anaseka, kenako n'kundisisita pamkono ngati mwana amene wanena bodza lokoma.

Zaka zimenezo ndinkakhala ku Kilimani mu Nairobi, ndikugwira ntchito yotayipa makalata pa ofesi ya bungwe lina la mayiko ambiri. Loweruka lina ndikuchokera kogula ndiwo ndinamva kulira kumene ndinkakudziwa kuyambira ndili wakhanda: galu wosauwa, wongolira ngati munthu woyesa nyimbo mawu akumukanika. Ndinakutsatira. Kuseri kwa mpanda wamaluwa ndinapeza anthu asanu pa kapinga, aliyense ndi kagalu kake kofiirira, ka makwinya pamphumi, mchira wopindika ngati nkhata. Ofanana ndendende ndi agalu a abambo anga.

Anandiuza kuti mtunduwo umatchedwa basenji, ndipo mu Kenya monse unali wowerengeka. Anali ndi kagulu kawo. Ankakumana Loweruka lililonse kumwa tiyi, kudandaulirana za nsapato zomwe agaluwo atafuna, ndi kuwaphunzitsa kuima ndi kuyenda pokonzekera chionetsero cha agalu cha pachaka. Ndinalowa kaguluko. Zaka ziwiri ndinali membala wopanda galu, wogwirira anzanga zingwe akamamwa tiyi.

Mayi Ashford, mzungu wobadwira mu Kenya momwemo, ndiwo anali mlembi wathu, wosunga buku la mayina a agalu. Tsiku lomwe ndinanena kuti kwathu ku Kasungu abambo ali ndi agalu omwewa, oti anabwera nawo kuchokera ku Congo kumene ankagwira ntchito kunjanji, ndi pamene anaseka.

"Edina wanga," anatero, "galu aliyense wa kumudzi ali ndi mchira wopindika."

Dokotala Njoroge, mmodzi mwa mamembala, munthu wosalankhulalankhula, anandiperekeza mpaka pageti. Anandiuza kuti m'malamulo a kaguluko muli chiganizo chakuti galu wochokera kwawo kwa mtunduwu, ngakhale alibe mapepala a makolo ake, angathe kulembedwa m'buku ngati mamembala atatu amuona n'kusaina. "Palibe anayesapo," anatero. "Koma chilipo."

Patapita miyezi ingapo abambo anamwalira. Uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale. Nditapempha tchuthi chopita kumudzi, ndinayamba ndadzera ku ofesi ya ziweto kukatenga chilolezo cholowetsera galu mu Kenya, ndipo ndinasiyira Dokotala Njoroge fomu ya chionetsero nditalemba kale dzina la galu amene ndinali ndisanamuone kwa zaka zitatu.

Ku Kasungu ndinapeza kwatsala mmodzi. Wamkazi anafa ndi ukalamba, ana awiri anatengedwa ndi anthu odzalira maliro. Wotsalayo anali Sindiyankha, wamphongo wa zaka zinayi, yemwe ankagona pakhomo la chipinda cha abambo osalola munthu kumusuntha. Achimwene anga a Lufeyo anali atamulonjeza kale kwa mlenje wina wa kutsidya kwa dambo.

"Uyu akupita nane," ndinatero.

"Ku Nairobi? Galu?"

"Galu."

"Achemwali, anthu akabwera kumaliro amatenga chipewa cha malemu, kapena ndodo. Mukufuna anthu azinena kuti kunja kwakusokonezani mutu?"

"Azinena. Pakamwa ndi pawo."

Ku ofesi ya ndege anandiuza kuti malo a nyama apezeka pakatha milungu itatu. Chionetsero chinali Loweruka la mlungu wotsatira. Malire a Kenya ndi Tanzania, omwe anakhala otseka kwa zaka, anali atatsegulidwanso chaka chapitacho, choncho msewu unalipo. Avetenale a paboma anamubaya jakisoni wa chiwewe n'kulemba kalata. Kalipentala wa kumsika anandikhomera bokosi la matabwa lokhala ndi mipata yopumira. Ndinatenga thumba la usipa, chigubu cha madzi, sopo wamtanda, ndi kabelu kamtengo kamene abambo ankamumangirira m'khosi popita kosaka, poti galu wosauwa akalowa m'tchire umamutsata ndi belu. A Lufeyo, akudandaulabe, anandinyamulira bokosilo pa njinga mpaka kudepoti.

Nkhondo yoyamba inali pakhomo la basi ya ku Mzuzu, Lachisanu m'mawa.

"Katundu pamwamba, mayi," anatero kondakitala.

"Uyu si katundu."

"Ndiye ndani, alamu anu?"

Basi yonse inaseka. Ndinayang'ana pamwambapo: matumba a chimanga, njinga, matilesi, dzuwa la Okutobala. Galu wanga akanafika ku Mzuzu atapsa. Ndinati andidulire matikiti awiri. Kondakitala anandiyang'ana kaye, n'kudula, ndipo popereka wachiwiriyo anawerama pa bokosi kuti, "Bwana, tikiti yanu iyi, musataye." Ndinamusiya asangalale. Bokosi linakhala pampando wa kuzenera.

Tisanafike pa Jenda mayi wina wa pampando wakutsogolo anali atatembenuka kale kangapo.

"Chiyambire sanauwepo. Munamudula lilime?"

"Ndi mtundu wake, mayi."

"Mtundu wanji wa galu wosauwa? Nanga akuba akabwera amawalembera kalata?"

Ndinati amawayang'ana basi, ndipo iwo amadziwa okha. Mayiyo anasuntha dengu lake la nthochi n'kulifungatira pamiyendo mpaka ku Mzuzu.

Loweruka ndinafika ku Karonga, kotentha ngati m'ng'anjo. Kuchokera kumeneko kupita kumalire kunalibe basi, msewu unali wafumbi wongolambulidwa kumene, ndipo Lamulungu m'mawa ndinakwera lole yonyamula matumba a mpunga. Mmenemo ndi mmene ndinakumana ndi Che Bwanali, bambo wachikulire wa ku Mangochi, atavala mkanjo woyera ndi kofia. Ataona mphuno ya Sindiyankha pa mpata wa bokosi, anakoka mkanjo wawo n'kuupinda pansi pa mawondo.

"Mayi, sindikukunyozani, koma chonde asandikhudze. Ine ndimaswali."

"Sakukhudzani, bambo."

Anali telala, ndipo unyamata wawo anasokera zovala ku Dar es Salaam zaka zambiri, choncho Chiswahili chawo chinali chenicheni, osati changa cha pamsika ndi cha m'matatu, maminibasi a ku Nairobi. Ankapita ku Nairobi kukaona mwana wawo wamkazi akumaliza maphunziro. Ndinawafotokozera za ulendo wanga, lole ikutiponya uku ndi uku.

"Ndiye galuyu akapambana, mupeza chiyani?"

"Kakhadi."

"Kakhadi kodya?"

"Kongoyang'ana."

Anapukusa mutu n'kunena kuti Mulungu analenga anthu amitundumitundu.

Pa Songwe sipanavute. Mapepala anga anali okwana, ndipo wa malire wa ku Tanzania atati nditsegule bokosi, Sindiyankha anatuluka, anadziwongola, anayasamula n'kutulutsa kanyimbo kake kaja. Munthuyo anaitana anzake awiri kuti adzamve, koma galu sanabwereze. Anadinda sitampa akuseka.

Ku Mbeya ndi kumene ulendo unaima. Dizilo kunalibe. Mabasi anali ndandanda pasiteji, madalaivala akusewera bawo pansi pa mtengo, ndipo aliyense womufunsa ankayankha mawu amodzi, "Kesho," kutanthauza mawa. Nyumba zogona alendo zitatu zinandikana zitaona bokosi. Pa yachinayi Che Bwanali analankhula ndi mwini wake nthawi yaitali, manja akuuluka, mpaka analola kuti galu azikhala kuseri, m'kanyumba kosungira makala. Ndinawafunsa chimene anamuuza.

"Ndati ndinu mayi wamakani, ndipo akakukanani mugona pakhonde pake mpaka dizilo abwere."

Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa. M'mawa uliwonse tinkanyamula katundu kupita kusiteji, madzulo n'kubwerera naye. Ndinkawerenga masiku pa zala ndipo zala zinkandithera. M'masitolo a kumeneko sopo ankasowa nthawi imeneyo, choncho theka la mtanda wanga linandipezetsa mafupa a ng'ombe kwa wogulitsa nyama, okwana galu masiku atatu. Sindiyankha anatuluka m'kanyumba ka makala kaja ali wakuda ngati mphika, koma agalu amenewa amadzinyambita ngati amphaka, ndipo pofika Lachitatu, pamene lole ya dizilo inalowa m'tauni anthu akuiimbira m'manja, anali atayera yekha.

Lachitatu tinagona ku Iringa. Kuchokera kumeneko njira inali pawiri: ya tala yozungulira kutali, kapena yafumbi yodutsa ku Dodoma. Ndinasankha yafumbi. Che Bwanali anali ndi masiku okwanira, akanatha kudzera ya tala, koma anati azinditsata kuti akaone mathero a misala imeneyi.

Lachinayi chakumasana, titatsika mapiri n'kulowa m'chigwa chouma cha milambe ndi minga, basi inagunda dzenje. Kumbuyo kunamveka phokoso ngati mfuti, ndipo basi inapendekeka n'kuima. Sipuling'i inali itathyoka. Dalaivala, bambo wonenepa wa kofia yoluka, anagona pansi pa basi, n'kutuluka akupukusa mutu. Anatuma amuna kukadula mtengo woti auike m'malo mwa chitsulo chothyokacho n'kumanga ndi mawaya ndi mphira.

Panalibe mudzi, panalibe mthunzi kupatula wa basi yomweyo. Madzi anali m'chigubu chimodzi chachikulu cha dalaivala, ndipo kondakitala ankagawa kapu imodziimodzi, poti changa chinali chitatha m'mawa. Nditalandira yanga ndinamwa pang'ono, otsalawo n'kuthira m'mbale ya galu. Bambo wina wa jekete, yemwe ulendo wonse ankawerenga nyuzipepala imodzi, anaimirira.

"Anthu akufa ndi ludzu, iye akumwetsa galu!"

"Kapuyi ndi yanga," ndinamuyankha m'Chiswahili changa chothyokathyoka. "Yanu mwamwa. Ndakupemphani?"

"Madzi ndi a anthu."

"Ali m'mimba mwa galu tsopano. Katengeni."

Amayi ena anaseka mobisa. Bamboyo anakhala pansi n'kutsegulanso nyuzipepala yake.

M'bokosi munali motentha kwambiri, choncho ndinamutulutsa Sindiyankha, ndinamuveka kabelu kaja, n'kumumangirira ku gudumu la kumthunzi. Ndinakhala pambali pake nditatsamira sutikesi. Sindikudziwa kuti ndinasinza mphindi zingati. Podzidzimuka, pagudumu panali kachidutswa ka chingwe konyowa ndi malovu.

Ndinathamangira m'tchire ndikuitana. Minga inandigwira chitenje, inandikanda miyendo. Ndinaima kumvetsera belu, koma ndinkangomva nyenje ndi mtima wanga. Ndinaitana momwe abambo ankaitanira, ndi mluzu wawo wa pawiri, ndipo apo ndi pamene ndinalira, maliro omwe sindinalire bwino pamanda paja anthu akundiyang'ana. Galu amene anakhala zaka zinayi pakhomo la abambo ndinali nditamutayira m'chipululu cha eni chifukwa cha kaseko ka munthu.

Nditabwerera kumsewu ndinapeza injini ikulira, anthu atakwera kale.

"Mama, twende!" anakuwa kondakitala. Tiyeni.

"Galu wanga sanabwere."

"Galu wapita. Afisi amudya. Kwerani."

"Tsitsani sutikesi yanga."

"Mukhala pano nokha? Basi ina ndi mawa, mwinanso mkuja."

"Tsitsani."

Anthu anayamba kukuwa pamazenera. Wajekete uja ananena kuti andisiye, ndine wamisala. Mwina sanalakwe. Ndinalibe madzi ngakhale dontho, ndipo sindinkadziwa chomwe ndikanachita dzuwa likalowa. Koma ndinakhala pa sutikesi yanga pakati pa fumbi, manja ali pamawondo, osayang'ananso basi.

Kenako ndinaona mkanjo woyera ukutsika. Che Bwanali anatsika pang'onopang'ono, kamkeka kawo kali m'khwapa. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mthunzi wawo, n'kuyenda kukaima pamsewu kutsogolo kwenikweni kwa basi. Poti madzi panalibe, anamenya manja pa fumbi loyera n'kudzipukuta kumaso ndi m'manja. Anayala mkeka n'kuyamba kuswali.

Dalaivala anagwira chiwongolero kanthawi, kenako anazimitsa injini, anatsika, n'kukaima kumbuyo kwa Che Bwanali. Amuna ena anayi anatsikanso.

Sindikudziwa kutalika kwa swala yamasana, koma imeneyo inatalika. Ili pafupi kutha ndinamva kutali kwambiri kamawu kouma, kho, kho, kho. Ndinaimirira. Sindiyankha anatulukira pakati pa minga akuyenda monyada, mutu uli m'mwamba, nkhanga yaikulu kuposa mutu wake ili kukamwa. Khutu lake lamanzere linali litang'ambika kunsonga, magazi akutsikira m'khosi. Anaika nkhangayo pamapazi anga n'kukhala pansi, ngati wabwera kuchokera kuntchito.

Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumunyamula. Ndinamunyamula. Nkhanga ndinapatsa mayi wina wa ana atatu, yemwe anayamba kuisosola basi isananyamuke. Titakhala pansi ndinati kwa Che Bwanali, "Bambo, sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji."

"Pa chiyani? Nthawi ya swala inali itakwana." Anakonza kofia yawo. "Kungoti lero ndasankha ndime zazitali."

Ndinawaonetsa khutu lija n'kufunsa ngati lingasokedwe. Analiyang'ana ali patali n'kunena kuti iwo amasoka nsalu. Ku Dodoma ndinagula jivi, mankhwala a pabala aja, ndipo kuyambira pamenepo galu wanga anali ndi khutu limodzi lofiirira, lina labuluu wakuda, lolendewera pang'ono kunsonga. Galu wa chionetsero amafunika makutu onse ali njo. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo tsiku lonse la Lachisanu, basi ina ikutigwedeza kupita ku Arusha, ndinkangoliyang'ana khutulo.

Loweruka, tsiku la chionetsero, tinafika pamalire a Kenya dzuwa litangotuluka. Pasipoti yanga inadindidwa msanga. Wa malire anawerenga chilolezo cha galu mpaka pansi, n'kundibwezera mwaulemu.

"Zonse zili bwino, mama. Koma nyama iliyonse ayenera kuiona dokotala wa ziweto."

"Ali kuti?"

"Loweruka amakhala kudibi. Abwera madzulo."

Anandilozera njira yafumbi yolowera kumunsi kwa phiri. Ulendo wa maola awiri wapansi, anatero. Basi yathu inali ikuliza kale hutala. Che Bwanali anaimirira pakhomo lake, phazi limodzi pansi.

"Kwerani, bambo, mwana akudikira. Kuno ndikwanitsa."

"Ndikudziwa kuti mukwanitsa. Ndi chimene chikundiopsa." Anayang'ana galu, galu anawayang'ana. "Uyu ndi wamwano ngati mbuye wake. Yendani bwino nonse awiri."

Sanamukhudze, ndipo sindinawaonenso.

Bokosi ndi sutikesi ndinasiya kwa mayi wina wogulitsa tiyi. Ndinamanga Sindiyankha ndi lamba wa chikwama changa n'kuyamba kuyenda. Nsapato zanga zinali za muofesi, ndipo mapazi anali atatupa kale ndi masiku onse a m'basi. Pofika theka la njira zidendene zinali zitasupuka. Dibi ndinalimva ndisanalione: kulira kwa ng'ombe, mluzu wa abusa, fungo la mankhwala. Dokotala anali pakati pa fumbi, atavala majombo, akuwerenga ng'ombe za Amasai zikamalumphira m'madzi.

"Mwayenda wapansi kuchokera kumalire? Chifukwa cha galu?"

"Chifukwa cha sitampa yanu."

Anati ndidikire khola limenelo lithe. Linatha, linabwera lina. Ndinaima pomwe sakanatha kutembenuka osandiona. Mkulu wina wa Amasai anazungulira galu wanga kawiri, anamvetsera belu, n'kunena kuti andipatsa mbuzi ziwiri. Ndinakana. Anati zitatu. Dokotala anaseka, anasamba m'manja, n'kumuyang'ana Sindiyankha m'maso, m'kamwa, ndi khutu lija. Anadinda mapepala pa boneti ya galimoto lake ndipo anatibwezera kumalire pagalimoto lomwelo.

Bokosi ndinamusiyira mayi wa tiyi uja, anati aziikamo nkhuku. Ndinakwera matatu, galu ali pamiyendo, tinathithikana anthu ochuluka kuposa mipando, ndipo nthawi itangopitirira 2 koloko ndinatsika m'takisi pageti la bwalo la chionetsero kufupi ndi msewu wa Ngong.

Kunali matenti oyera, agalu opesedwa ngati akwatibwi, amayi a zipewa zazikulu. Ine ndinali ndi chitenje chong'ambika ndi minga, fumbi la mayiko atatu m'tsitsi, sutikesi kumanja, galu wa khutu labuluu kumanzere. Anthu ankapatuka. Kagulu kathu ndinakapeza pansi pa tenti yakumapeto. Dokotala Njoroge ndiwo anayamba kundiona. Sanandipatse moni. Anagwada pa kapinga ndi buluku lawo loyera, anamulola galu awanunkhize dzanja, anamugwira pamphumi, anatambasula mchira n'kuusiya ubwerere wokha.

"Bukulo lili kuti?" anatero.

Mayi Ashford anabwera nalo atalikumbatira pachifuwa. Anamuyang'ana Sindiyankha nthawi yaitali, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti azindikira mtundu wake. Munthu amene waweta agalu amenewa zaka makumi awiri sangalephere.

"Wavulala," anatero.

"Anakasaka," ndinayankha.

"Ndipo sitikudziwa makolo ake."

"Ine ndikuwadziwa. Amake ndinkawadyetsa ndi dzanja ili."

Dokotala Njoroge anasaina. A Fernandes, mwini sitolo ya mabuku amene nthawi zonse ankabweretsa makeke ku misonkhano yathu, anavala magalasi, anazungulira galu, n'kusainanso. Mamembala awiri otsalawo anali banja lomwe linagula galu wawo kwa Mayi Ashford. Mwamuna anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Mkazi anati akukayang'ana madzi.

"Awiri," anatero Mayi Ashford. "Pepani, Edina. Mwina chaka chamawa, tikakhala pansi bwinobwino."

Pa chimkuzamawu anali akuitana kale mtundu womwe wathu unkabwera pambuyo pake. Ndinaika sutikesi pansi.

"Ndipatseni cholembera."

"Mwini wake sangasainire galu wake."

"Zalembedwa pati?"

A Fernandes anatsegula tsamba la malamulo kumayambiriro kwa buku n'kuwerenga mokweza, chala chikuyenda pansi pa mawu. Mamembala atatu. Anawerenganso kachiwiri. Panalibe china.

"Ine ndakhala membala zaka ziwiri," ndinatero. "Zingwe za agalu anu nonse ndagwira."

Mayi Ashford akanatha kutseka bukulo n'kuchoka, ndipo sindikudziwa chimene ndikanachita. Koma anali munthu wa malamulo, ndipo malamulowo analemba okha. Anandipatsa cholembera osandiyang'ana. Ndinasaina pansi pa siginecha ya a Fernandes.

Tinalowa m'bwalo agalu asanu ndi mmodzi. Bwalolo linali kapinga wozingidwa ndi zingwe, anthu atakhala mozungulira. Woweruza anali mayi wokalamba wochokera kunja, wa ndodo. Sindiyankha anali asanaphunzirepo kuima mwa chionetsero, koma anaima yekha momwe ankaimira akamva kanthu m'tchire, khosi lili chilili, mwendo umodzi kumbuyo. Woweruzayo anamuyang'ana mano, anamupapasa msana, anagwira khutu labwinolo.

"Wachokera kuti ameneyu?"

"Ku Kasungu, ku Malawi. Pabasi."

"Khutu lamuwonongera tsiku," anatero. "Koma mumusunge bwino."

Anatiuza kuti tizungulire bwalo kamodzi mothamanga. Nditangoponya phazi ndinamva zidendene ngati ndaponda makala. Ndinaima, ndinavula nsapato zonse ziwiri, n'kuziponya kunja kwa chingwe. Wina anaseka kumbali ya zipewa. Ndinathamanga chosavala, kapinga wozizira akulowa m'mabala, galu akuuluka pambali panga osakoka lamba ngakhale pang'ono.

Woyamba anali galu wa Dokotala Njoroge. Wachiwiri ndi wachitatu anali a Mayi Ashford. Ife tinali achinayi, ndipo makhadi ankathera pa wachitatu. Wothandiza woweruza anakweza chingwe n'kutilozera potulukira ife otsala, kuti opambana azungulire okha anthu akuwaombera m'manja. A Fernandes anatuluka, banja lija linatuluka.

Ine ndinayang'ana potulukirapo, ndinayang'ana mapazi anga akutuluka magazi pa kapinga wa eni. Ndinakoka lamba pang'ono, ndipo tinalowa pamzere kumbuyo kwa opambanawo. Wothandiza uja anakuwa kuti, "Madamu! Madamu!" Sindinatembenuke. Tinazungulira bwalo lonse mpaka pomwe tinayambira, ndipo atatuwo atatuluka, ife tinazunguliranso kamodzi tokha.